Zilembo Zikanenepa, Bilu Imakwera: Phunziro la Kuwerenga Mizere pa Malipoti a Kuchipatala

Aliyense amene anakulira kwa Kaluluma amaudziwa mkangano wa pa chidebe. Venda akafika pamudzi kudzagula soya kapena mtedza, mlimi wochenjera sathamangira kufunsa mtengo. Amayamba wachiyang'ana chidebecho. Kodi ndi cha malita 20 enieni, kapena ndi chija chotukumuka pamimba? Tiyeza chosefukira kapena chosalaza? Mtengo wa chidebe ulibe tanthauzo mpaka anthu awiriwo atagwirizana kuti chidebe n'chiyani. Fodya sayenda choncho. Belo likafika pamsika wa Chinkhoma limakwera pasikelo, ndipo mlimi amalandira ndalama malinga ndi makilogalamu ndi giredi ya fodya wakeyo. Kaya belo likuoneka lalikulu chifukwa jeke sinalipanikize bwino, kaya likuoneka laling'ono chifukwa linadindidwa mothina, kilogalamu ndi kilogalamu basi.

Ntchito yotaipa nayo ili ndi zidebe zake. China chimatchedwa mzere, china tsamba. Zonse ziwiri zimatukumuka kapena kuphwa malinga ndi fonti, kutanthauza mtundu ndi kaonekedwe ka zilembo zimene wotaipa wasankha pakompyuta. M'phunziro lino tiona mmene zimenezi zimachitikira pa malipoti a kuchipatala, ndi sikelo imene wotaipa ndi wotaipitsa angadalire onse awiri.

Ntchito yake ndi yotani?

Mukapita kuchipatala cha Kaluluma kapena cha mishoni ku Nkhamenya, dokotala kapena namwino amalemba ndi cholembera m'kabuku kanu ka kuchipatala. M'mayiko ena, makamaka ku America, kwa zaka zambiri madokotala akhala akuchita mosiyana. Akatha kuona wodwala amayankhula m'kachipangizo kojambula mawu, n'kufotokoza zimene wodwalayo wadandaula, zimene apeza pomuyeza, mankhwala amene amupatsa ndi tsiku lobweranso. Mawuwo amapita kwa munthu wophunzira bwino mayina a matenda ndi a mankhwala, amene amamvetsera ndi kutaipa lipoti lonse. Intaneti itafalikira, gawo lalikulu la ntchitoyi linayamba kutumizidwa ku India ndi ku Philippines. Masiku ano makompyuta ozindikira mawu amalemba kaye, munthu n'kubwera pambuyo kudzakonza zolakwika. Koma kalipiridwe kakhalabe komweko: ndalama zakutizakuti pa mzere uliwonse.

Mwina mukuti zimenezi n'zakutali. Sizili kutali kwenikweni. Ophunzira ambiri a zaumoyo amapeza ganyu yomvetsera ndi kutaipa zokambirana zimene ofufuza ajambula m'midzi. Ena akamaliza maphunziro amatsegula kamalo kotaipira ndi kupulinta pa Nkhamenya kapena pa Kasungu boma, pomwe anthu amabwera ndi makalata ofunsira thandizo la wodwala, malipoti a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena a kachipatala koima pakokha. Ndipo wophunzira aliyense analipirapo pa tsamba populintitsa ntchito ya m'kalasi. Ponseponse pamenepa funso ndi limodzi: kodi tikulipira mawu amene alembedwa, kapena malo amene mawuwo atenga papepala?

Mzere wa zilembo 65

Pa ntchito yotaipa malipoti a madokotala, muyezo wodziwika kwambiri ndi wakuti mzere umodzi ndi zilembo 65, kuphatikizapo manambala, zizindikiro za m'kalembedwe ndi mipata ya pakati pa mawu. Nambala imeneyi ikugwirizana ndi makina akale otaipira, aja a taipilaita. Pa makina ambiri chilembo chilichonse chinkatenga malo ofanana, ndipo mu inchi imodzi munkalowa zilembo 10. Pepala la ku America ndi lotambalala mainchi 8.5. Mukasiya inchi imodzi kumanzere ndi ina kumanja, patsala mainchi 6.5. Chulukitsani ndi 10, mupeza 65.

Ngakhale nthawi imeneyo chidebe sichinali chimodzi. Panali makina ena a zilembo zazing'ono, olowetsa zilembo 12 mu inchi, ndipo mzere wa makina amenewo unkanyamula zilembo 78 papepala lomwelo. Komanso pepala limene timagwiritsa ntchito kuno, la A4, ndi lopapatiza pang'ono: mamilimita 210 m'mimba mwake ndi 297 m'litali. Mukasiya masentimita 2.54 mbali iliyonse, mzere wa zilembo 10 pa inchi umanyamula zilembo 62 zokha. Tisanafike n'komwe pa kompyuta, mzere umodzi wakhala kale ndi misinkhu itatu: 62, 65 ndi 78.

Zilembo zonenepa ndi zowonda

Mafonti alipo a magulu awiri. Gulu loyamba limatsanzira taipilaita: chilembo chilichonse chimapatsidwa malo ofanana, kaya ndi i wowonda uja kapena m wotambalala. Fonti yotchuka ya gululi ndi Courier, imene Howard Kettler anakonzera kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950. Pakompyuta zambiri mumaipeza ndi dzina lakuti Courier New. Ikakhala pa saizi 12, imalowetsa zilembo 10 mu inchi ngati makina akale aja.

Gulu lachiwiri limapatsa chilembo malo molingana ndi thupi lake. Chilembo i chimatenga pang'ono, m chimatenga pakulu. Muno muli Times New Roman, imene inakonzedwera nyuzipepala ya The Times ya ku London ndipo inayamba kuoneka m'nyuzipepalayo mu 1932. Nyuzipepala imafuna mawu ambiri pamalo ochepa, choncho zilembo zake n'zothithikana. Mulinso Arial ya mu 1982, yotambalala kuposa Times New Roman, ndi Calibri, imene Microsoft Word inayamba kudzisankhira yokha kuyambira mu 2007, isanalowedwe m'malo ndi Aptos zaka zaposachedwapa.

Nambala ya saizi isakupusitseni. Saizi imayezedwa m'mapoyinti, ndipo mapoyinti 72 ndi inchi imodzi. Koma nambalayo imanena za msinkhu wa malo amene chilembo chimaimapo, osati kunenepa kwake. Mafonti awiri angakhale onse pa saizi 12, wina n'kulowetsa zilembo 62 pamzere, mnzake pafupifupi 90. Zili ngati anthu awiri ofanana msinkhu, wina wonenepa wina wowonda: pabenchi ya kuchipatala satenga malo ofanana.

Tiwerengere limodzi

Tengani cholembera. Tiyerekeze kuti mtsikana wina amene anatsegula malo otaipira pa Nkhamenya walandira mawu ojambulidwa pafoni kuchokera kwa dokotala wa kachipatala kena. Wataipa lipoti lonse, ndipo lili ndi zilembo 6,500 pamodzi ndi mipata. Anagwirizana K50 pa mzere. Mtengowu ndi wongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino.

Akalitaipa mu Times New Roman 12 papepala la A4, pamzere pamalowa zilembo pafupifupi 90. Gawani 6,500 ndi 90: mizere 73. Bilu ndi K3,650.

Akasintha n'kuika Courier New 12, pamzere pamalowa zilembo 62. Mizere yafika 105. Bilu ndi K5,250.

Akakweza Courier New yomweyo kufika pa saizi 14, pamzere pamalowa zilembo 53 zokha. Mizere ndi 123, bilu K6,150.

Palibe liwu limene lawonjezeredwa. Zala zake zagunda mabatani omwewo, makutu ake amvetsera mphindi zomwezo. Koma pakati pa bilu yotsika ndi yokwera pali kusiyana kwa K2,500. Ngati dokotalayo amatumiza malipoti 40 otere pamwezi, kusiyanako ndi K100,000. Ndalama imeneyi wina akuitaya popanda kudziwa. Angakhale dokotala, amene pamapeto pake adzaikankhira kwa odwala. Angakhalenso mtsikanayo, ngati dokotala ndiye analamula kuti zonse zizitaipidwa mu fonti yowonda.

Ndipo masamu athuwa ndi ofatsa, chifukwa tayerekeza kuti mzere uliwonse ndi wodzaza. Lipoti la kuchipatala silikhala choncho. Lili ndi timitu tatifupi, dzina pamzere wake, tsiku pamzere wake, mankhwala aliwonse pamzere wake. Amene amawerenga mzere uliwonse wooneka papepala amalipiritsa mzere wa liwu limodzi mofanana ndi mzere wodzaza kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Akakulitsa malire a m'mbali mwa pepala, mizere imafupika n'kuchuluka.

Pa tsamba zinthu zimanyanya. Tsamba la A4 la zilembo za saizi 12 limanyamula mizere pafupifupi 50 ikakhala yoyandikana, ndi pafupifupi 25 mukaitalikitsa kawiri. Lipoti lathu lija mu Times New Roman ya mizere yoyandikana likwana pa masamba 2. Mu Courier New 12 ya mizere yotalikirana kawiri lifuna masamba 5. Amene amalipiritsa pa tsamba popanda kunena fonti, saizi ndi kutalikirana kwa mizere akugula ndi chidebe chimene palibe anachiyeza.

Sikelo imene siona fonti

Njira yothetsera mkanganowu ndi yosavuta. Musawerenge mizere imene maso akuona. Werengani zilembo zonse, kenako gawani ndi nambala imene mwagwirizana. Lipoti la zilembo 6,500 mukaligawa ndi 65 limapereka mizere 100, bilu K5,000, kaya lavala Courier New, kaya Arial, kaya Calibri. Mzere wotere suli papepala. Ndi muyezo chabe, ngati kilogalamu.

Komabe ngakhale pamenepa pali pofunika kufunsa. Kodi mipata ya pakati pa mawu ikuwerengedwa? Wotaipa anganene kuti batani la mpata nalo amaligunda ndi chala, ndipo akunena zoona. Wolipira anganene kuti mpata sauona, ndipo munthu wosakhulupirika akhoza kuthira mipata yambirimbiri kumapeto kwa mizere popanda wina kuzindikira, ngati mchenga m'thumba la mtedza. Makampani ena ankawerengeranso kawiri chilembo chachikulu kapena chodetsedwa, ponena kuti chimafuna mabatani owonjezera. Zipatala za ku America zinkalephera kuyerekeza mitengo ya makampani awiri, chifukwa aliyense anali ndi mzere wakewake.

N'chifukwa chake mu 2007 mabungwe awiri a kumeneko, American Health Information Management Association ndi Medical Transcription Industry Association, analimbikitsa muyezo wowerenga zilembo zooneka ndi maso zokha, umene amautchula mwachidule kuti VBC. Chilichonse chosiya inki papepala chimawerengedwa kamodzi: chilembo, nambala, kadontho, kankhodolero. Mipata siwerengedwa. Ubwino wake ndi wakuti aliyense angatenge pepalalo n'kutsimikiza yekha.

Koma wotaipa asamale. Tiyerekeze kuti m'lipoti lathu la zilembo 6,500 muli mipata 1,000. Zooneka ndi maso zatsala 5,500. Mukagawa ndi 65 mupeza mizere 85 m'malo mwa 100. Wina akakuuzani kuti tisinthe kawerengedwe koma mtengo wa mzere ukhale womwewo, wakudulani K750 pa lipoti lililonse. Muyezo ukasintha, mtengo nawo ukambidwenso. Palibe cholakwika ndi kuwerenga mipata, palibenso cholakwika ndi kuisiya. Cholakwika ndi kusanena.

Nanga bwanji osangowerenga mawu?

Ena amakonda kulipira pa liwu, ndipo n'zoona kuti fonti siisintha chiwerengero cha mawu. Koma kwa ife otaipa Chichewa kapena Chitumbuka, njira imeneyi ili ndi msampha. Zinenero zathu zimalumikiza tizigawo tambiri m'liwu limodzi. Taonani liwu lakuti sindidzakupatsaninso. Lili ndi zilembo 20, ndipo kuti munene zomwezo m'Chingerezi mufunika mawu 6. Kompyuta imaliwerenga ngati liwu limodzi. Wotaipa zokambirana za m'Chichewa pa mtengo wa liwu womwe amalandira wotaipa Chingerezi amagunda mabatani ambiri pa ndalama yochepa. Aphunzitsi a kutaipa anazindikira kalekale kuti mawu ndi osiyana kutalika, choncho poyeza liwiro amawerenga mabatani 5 aliwonse ngati liwu limodzi. Pa muyezo umenewo sindidzakupatsaninso ndi mawu 4, ndipo mzere wa zilembo 65 ndi mawu 13.

Pa zokambirana za kafukufuku ena amalipira pa mphindi ya mawu ojambulidwa. Apa fonti ilibe mphamvu konse, koma mufunse zina. Mphindi 10 za munthu mmodzi woyankhula modekha m'chipinda sizifanana ndi mphindi 10 za amayi 8 akuyankhulira pamodzi pansi pa mtengo wa mango, ana akulira ndi mphepo ikuwomba pafoni. Mverani kaye kachigawo musanatchule mtengo. Safunsa anadya phula.

Pamene fonti ikhudza moyo wa munthu

Wina angaganize kuti nkhani yonseyi ndi ya ndalama basi. Pa pepala la kuchipatala pali china choposa ndalama. Bilu ikamatsatira mizere yooneka kapena masamba, wolipira amakopeka kulamula zilembo zazing'ono zothithikana kuti apulumutse ndalama ndi mapepala. Lipotilo likapulintidwa ndi inki yotsala pang'ono kutha, n'kujambulidwa pa fotokope kawiri, n'kupindidwa m'thumba la malaya ulendo wa pa kabaza, limafika kwa namwino wa usiku lili lotuwa. Chinthu choyamba kuzimiririka ndi kadontho.

Kadontho kakasowa pa 1.0 mg, namwino awerenga 10 mg. Mankhwala achuluka kakhumi. Kakasowa pa .5 mg, awerenga 5 mg. Pa chifukwa chimenechi bungwe loyendera zipatala ku America la Joint Commission linaika kalembedwe kotere pa mndandanda wa zoletsedwa mu 2004. Lamulo lake ndi lakuti mulembe 1 mg popanda ziro wa kumapeto, ndi 0.5 mg ndi ziro wa kutsogolo. Mafonti ena nawo ali ndi zilembo zofanana nkhope. Mu Arial, I wamkulu ndi l wamng'ono ndi timizere tiwiri tosasiyana kwenikweni. Mu Times New Roman, l wamng'ono amayandikana kwambiri ndi nambala 1. Chilembo O ndi nambala 0 zimasokonezanso m'mafonti ambiri. Pa kalata ya chibwenzi zimenezi zilibe kanthu. Pa nambala ya wodwala kapena pa muyezo wa mankhwala a mwana, zingatengere munthu kumanda.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Kuyambira mu 2001, bungwe la Baobab Health linayamba kuika makompyuta ogunda pagalasi ku chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chomwe lero ndi Kamuzu Central, ndipo makinawo amapulinta timapepala tomata m'kabuku ka wodwala. Pa kapepala kakang'ono chonchi, zilembo zimasankhidwa ndi cholinga chimodzi, kuti wogwira ntchito amene adzatsegule kabukuko mawa awerenge popanda kulota. Ndi mmene ziyenera kukhalira pa lipoti lililonse. Fonti isankhidwe poganizira maso a wowerenga, ndipo bilu iwerengedwe m'njira imene fontiyo siingaikhudze. Ziwirizi zikalekanitsidwa, palibenso amene amapindula ponenepetsa zilembo kapena pozifinya.

Yesani nokha

Mukakhala pa kompyuta ya kulaibulale, tsegulani ntchito yanu iliyonse mu Microsoft Word. Pitani pa Review, kenako Word Count. Kabokosi kamene katuluke kakuonetsani masamba, mawu, zilembo popanda mipata, zilembo pamodzi ndi mipata, ndime ndi mizere. Lembani manambala onsewo papepala. Tsopano sankhani zolemba zonse, musinthe fonti kukhala Courier New, mutsegulenso kabokosi kaja. Muona kuti mizere yasintha, mwinanso masamba, koma mawu ndi zilembo zili pomwe zinali. Bwerezani ndi Arial ndi Times New Roman. Mu LibreOffice Writer chiwerengero cha mawu ndi zilembo chili pansi pa Tools, ndipo Google Docs nayo ili nacho. Dziwaninso kuti Word sawerengera zolembedwa pamwamba ndi pansi penipeni pa tsamba, zija zimabwerezedwa tsamba lililonse monga dzina la chipatala. Ngati zimenezo zikulipiridwa, zinenedwe padera.

Musanayambe ganyu yotaipa, kapena musanapereke ntchito kwa wotaipa, gwirizanani zinthu izi ndipo muzilembe, ngakhale mu uthenga wa pafoni. Choyamba, muyezo: zilembo, mawu, mphindi kapena masamba. Chachiwiri, ngati ndi mzere, uli ndi zilembo zingati, ndipo mipata ilimo kapena ayi. Chachitatu, ngati ndi tsamba, fonti yanji, saizi yanji, malire a m'mbali otani ndi mizere yotalikirana bwanji. Chachinayi, pulogalamu imene muwerengere, kuti nonse muzipeza nambala imodzi. Chachisanu, mtengo wa kutaipa ulekanitsidwe ndi wa kupulinta. Pepala ndi inki zimathadi pa tsamba, choncho kupulinta kulipiridwe pa tsamba. Kutaipa ndi ntchito ya zala ndi makutu, kulipiridwe pa zilembo. Ndipo pa bilu lembani chiwerengero cha zilembo poyera, kuti wolipira akafuna atsegule failo n'kudzionera yekha. Musaiwale kuti zimene mwamva m'mawu a dokotala ndi chinsinsi cha wodwala: sizituluka pakamwa panu, ndipo failo isasiyidwe pakompyuta imene aliyense amagwiritsa ntchito.

Mlimi wa kwa Kaluluma akabwerera kwa venda yemweyo chaka ndi chaka, sikuti vendayo amagula modula kuposa onse. Nthawi zambiri n'chifukwa chakuti sikelo yake imaonekera mbali zonse ziwiri. Wotaipa amene amaonetsa kasitomala kabokosi ka Word Count asanatchule bilu akuchita chimodzimodzi.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Lipoti lili ndi zilembo 9,750 pamodzi ndi mipata, ndipo mipata ilimo 1,500. Pezani mizere ya zilembo 65 powerengera mipata, kenako posawerengera. Ngati poyamba mtengo unali K50 pa mzere, ukhale wotani pa njira yachiwiri kuti wotaipa alandire ndalama yomweyo?

2. Kasitomala sadziwa kuti fonti imasintha chiwerengero cha masamba, ndipo sanafunse. Inu mwataipa mu Courier New 14. Kodi mwamubera, kapena wadzibera yekha? Nanga mphunzitsi akapempha masamba 10 inu n'kunenepetsa zilembo kuti akwane, zikusiyana pati?

3. Mwini kachipatala akukuuzani kuti mutsitse zilembo kufika pa saizi 8 kuti lipoti likwane tsamba limodzi, ndipo m'lipotimo muli miyezo ya mankhwala a mwana. Mumuyankha chiyani, ndipo mungamupatse njira ina iti yopulumutsira ndalama?

4. Ndi zidebe zina ziti zimene mumaziona pa ntchito imene mukuphunzira, pomwe mtengo umanenedwa koma muyezo sunenedwa?